Moustapha Akkad: Adateteza Chisilamu ndi kamera, adafa ndi bomba la zigawenga

Aliyense yemwe adakhalapo pabenchi m'nyumba zoonetsera vidiyo ku Ndirande, ku Mchesi kapena pa Lunzu akumudziwa munthu uyu: wandevu, wovala mkanjo ndi nduwira, mfuti ili m'manja, uku akukalipa m'chiyankhulo chosamveka. Ntchito yake mufilimu ndi imodzi basi, kulanda ndege kapena kutchera bomba, mpaka Chuck Norris kapena Arnold Schwarzenegger atabwera kudzamuwombera, anyamata n'kuwomba m'manja.

Umu ndi momwe mafilimu ambiri a ku Hollywood, m'dziko la America, akhala akuonetsera Mluya ndi Msilamu. Mphunzitsi wina wa payunivesite m'dzikolo, Jack Shaheen, adakhala pansi n'kuunika mafilimu oposa 900 momwe mumapezeka Aluya. Zomwe adapeza adazilemba m'buku la Reel Bad Arabs m'chaka cha 2001, ndipo mu 2006 Sut Jhally adakonza filimu yofotokoza zenizeni ya dzina lomweli. Filimuyi idaonetsa kuti kuchokera pa The Sheik ya 1921 kudzafika pa The Delta Force ya 1986 ndi True Lies ya 1994, chithunzi chake n'chimodzimodzi: Mluya ndi wakuba akazi, mpondamatiki wadyera kapena chigawenga. Mafilimu omuonetsa ngati munthu wamba, wokhala ndi banja ndi chisoni, adali owerengeka.

Koma Shaheen asadalembe bukuli, mu Hollywood momwemo mudali Mluya wina yemwe adayamba kale kuyankha bodzali, osati ndi cholembera koma ndi kamera. Dzina lake ndi Moustapha Akkad. Filimu ya 2006 ija sadaione chifukwa chaka cham'mbuyo mwake adali ataphedwa ndi anthu omwe ankati akumenyera chipembedzo chomwe iye adachiteteza moyo wake onse.

Mwana wa ku Aleppo

Akkad adabadwa pa 1 Julayi 1930 mumzinda wa Aleppo m'dziko la Syria, pomwe dzikolo lidali pansi pa ulamuliro wa France. Bambo ake ankagwira ntchito yotolera msonkho wa katundu wolowa m'dziko. Mnyamatayu adaphunzira pasukulu ya Aleppo American College, ndipo ali wachichepere mtima wake udakodwa ndi mafilimu.

Chapakati pa zaka za m'ma 1950 adanyamuka ulendo wa ku America. Bambo ake adamupatsa zinthu ziwiri zokha: madola 200 ndi buku lopatulika la Qur'an. Adachita maphunziro a kakonzedwe ka mafilimu payunivesite ya UCLA mumzinda wa Los Angeles, kenako adapitiriza digiri yachiwiri pa University of Southern California.

Nthawi imeneyi adadziwana ndi Sam Peckinpah, katswiri wokonza mafilimu a makaubhoyi, yemwe ankafuna kukonza filimu ya nkhondo yomenyera ufulu ya ku Algeria ndipo ankasowa Mluya woti azimuunikira. Filimuyo idafera m'mazira, koma ubale wa awiriwa udapitirira, ndipo Akkad adapeza ntchito kuwayilesi ya kanema ya CBS.

Kukhala pakati pa azungu kudamuonetsa chinthu chomwe chidamuvutitsa mumtima. Anthu omwe ankagwira nawo ntchito sankadziwa chilichonse cha Chisilamu kupatula ngamila, chipululu ndi malupanga zomwe ankaziona pakanema. Iye adaona kuti Msilamu wokhala m'maiko a azungu ali ndi udindo wofotokoza zoona za chipembedzo chake, ndipo chida chomwe adali nacho m'manja ndi filimu.

Filimu ya Mtumiki wosaoneka

Maganizo ake adali okonza filimu yaikulu ya chiyambi cha Chisilamu, yofanana kukula ndi mafilimu a nkhani za m'Baibulo omwe Hollywood inkakonza. Makampani a ku Hollywood sadafune kuikapo ndalama zawo, choncho adakapempha thandizo ku maboma a Kuwait, Libya ndi Morocco.

Vuto lalikulu lidali loti Asilamu ambiri salola kujambula nkhope ya Mtumiki Muhammad. Nanga filimu ya munthu ungaikonze bwanji mwini wake osaoneka? Akkad adapeza njira. Mufilimu monse Mtumiki saoneka ndipo mawu ake samveka. Anthu akamayankhula naye amayang'ana kamera, moti woonera amaona zinthu kuchokera pomwe Mtumikiyo waima. Kanyimbo kapansipansi ndi komwe kamadziwitsa kuti iye alipo, ndipo zomwe wanena amazibwereza ndi ena. Akazi ake ndi ena mwa omutsatira oyandikana naye kwambiri sadaonetsedwenso. Ali, mwachitsanzo, amangooneka nsonga ya lupanga lake.

Nkhaniyi idatsamira pa Hamza, m'bale wa bambo ake a Mtumiki, ndipo yemwe adasewera malowa ndi Anthony Quinn, katswiri wobadwira ku Mexico. Irene Papas wa ku Greece adasewera ngati Hind, mayi yemwe adalumbira kubwezera imfa ya abale ake. Malo a Bilal, kapolo wachikuda yemwe adazunzidwa kaamba ka chikhulupiriro chake n'kudzakhala munthu woyamba kuitanira anthu kumapemphero, adapita kwa Johnny Sekka wobadwira ku Dakar m'dziko la Senegal. Katswiri wankhonya Muhammad Ali adawafuna malowa, koma Akkad adakana poopa kuti filimuyo ingaoneke ngati yongofuna kupha makwacha.

Chinanso chodabwitsa n'choti adakonza mafilimu awiri nthawi imodzi. Gulu loyankhula Chingerezi likamaliza gawo, gulu loyankhula Chiarabu linkalowa pamalo omwewo kuchita gawo lomwelo. Mufilimu ya Chiarabu, yotchedwa Al-Risalah, Hamza adali Abdullah Gaith wa ku Egypt pomwe Hind adali Muna Wassef wa ku Syria.

Gawo lina lomwe anthu amalikumbukira kwambiri limachitikira kuno ku Africa. Asilamu oyamba atazunzidwa ku Mecca adathawira ku Abyssinia, dera lomwe lero kuli Ethiopia ndi Eritrea, komwe mfumu yake idali Mkhristu. Adani awo adawatsatira ndi mphatso kuti mfumuyo iwapereke, koma itamva zomwe Qur'an imanena za Yesu ndi amayi ake Mariya, idakana ndipo idawasunga. Apa Akkad ankauza woonera wa ku London ndi New York kuti zipembedzo ziwirizi zidakumana koyamba mwamtendere.

Komatu minga zoyamba sizidachokere kwa azungu. Akuluakulu a maphunziro a Chisilamu a ku Al-Azhar mumzinda wa Cairo adavomereza zolembedwa za filimuyi, koma bungwe la Muslim World League la ku Mecca lidaikana. Dziko la Kuwait lidabwerera m'mbuyo. Kujambula kudayamba mu 1974 kufupi ndi mzinda wa Marrakech ku Morocco, komwe amisiri adamanga chifanizo cha mzinda wa Mecca wakale, koma dziko la Saudi Arabia lidapanikiza Mfumu Hassan II mpaka ntchito idaimitsidwa. Yemwe adamupulumutsa Akkad adali mtsogoleri wa Libya, Muammar Gaddafi, yemwe adapereka malo ndi ndalama kuti ntchito imalizidwe m'dziko mwake.

Filimuyi, yotalika pafupifupi maola atatu, idaonetsedwa koyamba ku London mu Julayi 1976. Dzina lake loyamba lidali Mohammad, Messenger of God, koma kaamba ka madandaulo ndi ziopsezo adalisintha kukhala The Message, kutanthauza uthenga. Maiko angapo a Chisilamu, kuphatikizapo Saudi Arabia, adailetsa.

Mfuti ku Washington

Pa 9 Malichi 1977, tsiku lomwe filimuyi imayamba kuonetsedwa ku America, amuna 12 onyamula mfuti ndi zikwanje adalanda nyumba zitatu mumzinda wa Washington: likulu la bungwe la Ayuda la B'nai B'rith, likulu la Chisilamu la mumzindawo komanso maofesi a khonsolo. Anthu 149 adagwidwa ngati chikole.

Mtsogoleri wa gululi, Hamaas Abdul Khaalis, adali ndi bala lake. Mu 1973 anthu 7 a pakhomo pake, ambiri mwa iwo ana, adaphedwa mwankhanza, ndipo iye ankafuna kuti boma limupatse m'manja omwe adapezeka olakwa pamlanduwo. Koma adaonjezeranso chofuna china, kuti filimu ya Akkad iletsedwe chifukwa ikunyoza Mtumiki. Nthawiyo kudali mphekesera yabodza yoti Anthony Quinn akusewera ngati Mtumikiyo.

Mtolankhani wa pawayilesi wa zaka 24, Maurice Williams, adawomberedwa n'kufa. Khansala Marion Barry, yemwe pambuyo pake adadzakhala mfumu ya mzindawo, adavulazidwa. Nyumba zoonetsera kanema zidaimitsa filimuyo ili mkati. Akkad adapempha kuti anthuwo aionere kaye, ndipo adalonjeza kuti akapezamo chonyoza chipembedzo aiwononga yekha.

Omwe adathetsa mpungwepungwewu patatha maola 39 adali Asilamu anzawo. Akazembe a maiko a Egypt, Pakistan ndi Iran adalowa kukakambirana ndi Khaalis, n'kumukumbutsa ndime za m'Qur'an zokamba za chifundo, mpaka iye ndi anyamata ake adagonja. Komabe chomwe chidatsala m'mitu ya anthu ambiri a ku America si akazembe atatuwo ayi, koma amuna 12 amfuti aja.

Filimuyi idayambanso kuonetsedwa patatha masiku ochepa, koma anthu adali ndi mantha ndipo malonda ake sadayende. Chitonthozo chidali choti nyimbo zake, zopekedwa ndi Maurice Jarre wa ku France, zidalowa nawo pampikisano wa mphoto ya Oscar, ngakhale mphothoyo idapita kwa John Williams wa filimu ya Star Wars.

Ndalama za Halloween

Chodabwitsa pa moyo wa Akkad n'choti chuma chake chidachokera kwina. Mu 1978 adaika ndalama pafupifupi madola 300,000 pafilimu yoopsa ya mnyamata wina wosadziwika kwenikweni panthawiyo, John Carpenter. Filimuyo, Halloween, ndi nkhani ya chigawenga chobisa nkhope chotchedwa Michael Myers chomwe chimasaka atsikana usiku. Idatchukitsa Jamie Lee Curtis ndipo idabweretsa ndalama pafupifupi madola 70 miliyoni padziko lonse.

Dzina la Akkad lidapezeka pamafilimu 8 a Halloween kufikira mu 2002. Zotsatira zake n'zoti mkuluyu adali ndi mbiri ziwiri zosakumana. Ku America achinyamata ankamudziwa ngati mwini mafilimu a magazi ndi mipeni, pomwe ku Cairo, Damascus ndi Karachi ankamudziwa ngati munthu yemwe adaika chiyambi cha Chisilamu pakanema.

Mkango wa m'chipululu

Filimu yake yachiwiri yaikulu, Lion of the Desert, idatuluka mu 1981. Iyi ndi mbiri ya Omar Mukhtar, mphunzitsi wa Qur'an wa ku Libya yemwe adatsogolera nkhondo yolimbana ndi atsamunda a ku Italy kwa zaka pafupifupi 20. Dziko la Italy lidalowa mu Libya mu 1911, ndipo mu ulamuliro wa Benito Mussolini, mkulu wa asilikali Rodolfo Graziani adatsekera anthu zikwizikwi m'misasa yozunzirako anthu komanso adatchinga malire a Libya ndi Egypt ndi waya waminga kuti omenyera ufulu asalandire thandizo. Mukhtar adagwidwa ali nkhalamba ya zaka zoposa 70 ndipo adanyongedwa pagulu pa 16 Sepitembala 1931 ku Suluq.

Anthony Quinn adasewera ngati Mukhtar, Oliver Reed ngati Graziani ndipo Rod Steiger ngati Mussolini. Apa zinthu zidatembenuka. Wankhanza adali mzungu wovala yunifomu, pomwe Mluya wandevu zoyera adali nkhalamba yodekha, ya magalasi m'maso, yophunzitsa ana. M'gawo lina anyamata ake akufuna kupha asilikali a ku Italy omwe awagwira, popeza nawonso adaniwo amapha akaidi, koma Mukhtar akuwaletsa powauza kuti khalidwe satengera kwa mdani.

Filimuyi idadya ndalama pafupifupi madola 35 miliyoni, zochokera ku boma la Libya, koma zomwe idabweza sizidafike ngakhale madola 2 miliyoni. Idatuluka nthawi yolakwika. Mu Januwale chaka chomwecho n'kuti anthu 52 a ku America atangomasulidwa ku Iran komwe adasungidwa ngati chikole kwa masiku 444, ndipo ubale wa boma la Ronald Reagan ndi Gaddafi udali utafika poipa. Ambiri adaitenga filimuyi ngati chida cha Gaddafi, ndipo chitonzo chodya ndalama za mtsogoleri wopondereza anthu ake chidamutsata Akkad.

Ku Italy boma lidailetsa mu 1982 ponena kuti ikunyozetsa asilikali a dzikolo. Anthu a kumeneko adadzaiona pawayilesi ya kanema mu Juni 2009, pomwe Gaddafi adakacheza ku Rome.

Loto la Saladin

Zaka zotsatira chithunzi chomwe Akkad ankalimbana nacho chidangokulirakulira. Bomba litaphulika mumzinda wa Oklahoma City pa 19 Epulo 1995 n'kupha anthu 168, ena olemba ndi kuulutsa nkhani adathamangira kuloza chala Aluya. Wolakwa adapezeka kuti ndi Timothy McVeigh, mzungu wa ku America konko yemwe adakhalapo msilikali. Kenako padadza chiwembu cha pa 11 Sepitembala 2001 pomwe zigawenga 19 za gulu la al-Qaeda zidapha anthu pafupifupi 3,000. Kwa ambiri m'maiko a azungu mwambi uja woti nsomba ikaola imodzi zonse zaola udakhala ngati lamulo, ndipo anthu oposa biliyoni imodzi adasenzetsedwa mlandu wa kagulu kochepa.

Yankho la Akkad lidali filimu ina. Kwa zaka zambiri adafunafuna ndalama zokonzera mbiri ya Saladin, mtsogoleri wa Chisilamu yemwe adalanda mzinda wa Jerusalem mu 1187 koma osapulula Akhristu okhalamo, kusiyana ndi zomwe ankhondo a ku Ulaya adachita kwa Asilamu ndi Ayuda pomwe adaulanda mu 1099. Ankafuna Sean Connery kuti asewere ngati Saladin, ndipo ntchitoyo inkafunika madola pafupifupi 80 miliyoni. Ndalamazo sizidakwane. Ngakhale maiko a Aluya olemera ndi mafuta sadatsegule matumba awo mokwanira.

Usiku wa ku Amman

Pa 9 Novembala 2005 Akkad adali mumzinda wa Amman m'dziko la Jordan, ndipo adakumana ndi mwana wake wamkazi wa zaka 34 pamalo ofikira alendo muhotela ya Grand Hyatt. Nthawi ikuyandikira 9 koloko usiku, munthu yemwe adadzimangirira bomba m'chiuno adadziphulitsa pamalopo. Mabomba enanso adaphulika kuhotela za Radisson SAS ndi Days Inn.

Ku Radisson kudali phwando la ukwati, ndipo bomba lidaphulikira pakati pa oitanidwa. Bambo a mkwati ndi bambo a mkwatibwi onse adafa. M'mahotela atatuwa mudafa anthu 57, osawerengera zigawenga zitatu zomwe zidadziphulitsa, ndipo ovulala adaposa 100. Ambiri mwa ophedwa adali nzika za Jordan. Gulu la al-Qaeda la ku Iraq, lotsogozedwa ndi Abu Musab al-Zarqawi, yemwenso adali wa ku Jordan, lidavomera kuti ndilo lidachita chiwembuchi.

Mwana wa Akkad adafera pomwepo. Iye adamutengera kuchipatala ali wovulala kwambiri ndipo adamwalira pa 11 Novembala ali ndi zaka 75. Thupi lake adakaliika m'manda kwawo ku Aleppo.

Anthu zikwizikwi a ku Jordan adakhamukira m'misewu kudzudzula Zarqawi, yemwe adadzaphedwa ndi ndege zankhondo za America ku Iraq mu Juni 2006. Imfa za ku Amman zidaonetsa poyera chinthu chomwe mafilimu a Hollywood sankachikamba: kuti omwe amafa kwambiri ndi zigawenga zotere ndi Asilamu eni ake. Lipoti la chaka cha 2011 la nthambi ya boma la America yolimbana ndi uchigawenga, National Counterterrorism Center, lidapeza kuti pa ziwembu zomwe chipembedzo cha ophedwa chidadziwika m'zaka zisanu zam'mbuyo mwake, Asilamu adali pakati pa 82 ndi 97 mwa anthu 100 alionse.

Zomwe adasiya

Mafilimu akuluakulu a mbiri ya Chisilamu omwe Akkad adatsogolera ndi awiri okha, ndipo onse adaluza ndalama m'nyumba zoonetsera kanema. Koma adapeza moyo wina kudzera m'matepi a vidiyo, ma DVD ndi mawayilesi a kanema. The Message idamasuliridwa m'ziyankhulo zambiri ndipo m'maiko ochuluka imaonetsedwa m'mwezi wa Ramadan ndi pachikondwerero cha Eid.

Mkuluyu adapanikizidwa mbali ziwiri. Uku kudali makampani omwe adaona kuti Mluya wachigawenga amagulitsa filimu kuposa Mluya wophunzitsa ana. Uku kudali anthu omwe adaweruza ntchito yake asadaione, ndi ena omwe adasandutsa chipembedzo kukhala chifukwa chophera anthu paukwati. Mbali ziwirizi zimadyetsana, pakuti bomba lililonse limapatsa wokonza filimu nkhani, ndipo filimu iliyonse yonyoza imapatsa chigawenga mawu okopera achinyamata okwiya. Kuno ku Malawi, komwe kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu pafupifupi 14 mwa 100 alionse ndi Asilamu, mwana yemwe akuwomba m'manja muvidiyo muja nthawi zambiri amakhala atakhala benchi imodzi ndi mnzake wopemphera kumzikiti.

Mwana wake wamwamuna, Malek Akkad, adapitiriza kukonza mafilimu a Halloween, ndipo ya 2007 adaipereka pokumbukira bambo ake. Iye yemweyo adatsogolera ntchito yokonzanso zithunzi ndi mawu a The Message kuti zigwirizane ndi makina amakono. Mu Juni 2018, panyengo ya Eid, filimuyi idaonetsedwa m'nyumba za kanema ku Saudi Arabia, dziko lomwe lidaithamangitsa ku Morocco n'kuiletsa kwa zaka 42.

Filimu ya Saladin yomwe Akkad ankailota sidajambulidwe.